Nsomba, Kamba ndi Nguluwe pa Kalendala ya Abwana

FUNSO: Akonzi, ine ndimagwira ntchito m'sitolo ya nsalu ku Kamwala, ndipo abwana anga ndi Mhindu. Kuseri kwa kauntala adapachika kalendala ya zithunzi khumi, choyamba cha nsomba, chotsatira cha kamba, kenako nguluwe, mpaka kufika pa anthu. Tsiku lina ataona mwana wanga wa Giredi 12 akuwerenga za chisinthiko cha zamoyo podikira kuti ndiweruke, adamuuza kuti makolo awo adazidziwa kale zimenezo Darwin asanabadwe. Kodi adanena zoona? Ndine wowerenga wanu, Chawama.

YANKHO: Zikomo bambo. Zithunzizo ndi Dashavatara, maonekedwe khumi amene Ahindu amakhulupirira kuti mulungu wawo Vishnu amabwera nawo pansi pano zinthu zikasokonekera: Matsya nsomba, Kurma kamba, Varaha nguluwe, Narasimha wa mutu wa mkango ndi thupi la munthu, Vamana wamfupi msinkhu, kenako Parashurama, Rama, Krishna, Buddha, ndi Kalki amene akuyembekezeredwabe. Amene wayang'ana mndandandawu sangakane kuti ukuchokera m'madzi n'kukathera pamtunda, monga momwe asayansi amafotokozera mbiri ya nyama za msana. Abwana anu si oyamba kuona zimenezi, pakuti ngakhale J.B.S. Haldane, katswiri wa chisinthiko wa ku Britain amene adasamukira ku India mu 1957, adatchulapo za kufananaku.

Koma kufanana kwa mndandanda sikutanthauza kuti chiphunzitso n'chimodzi. Chimene Charles Darwin, wasayansi wa ku England, adabweretsa m'buku lake la mu 1859 sichidali kungonena kuti nsomba zidayamba, koma kufotokoza mmene kusinthako kumachitikira: ana a zamoyo amabadwa osiyana pang'ono, amene ali ndi zowathandiza m'malo awo ndiwo amapulumuka n'kubereka, ndipo pakapita mibadwo yochuluka mtundu wonse umasintha popanda wina wouwongolera. Mawu akuti avatara, a m'dzina la Dashavatara, amatanthauza kutsika, ndipo m'nkhanizo nsomba sibereka kamba, koma mulungu yemweyo amavala thupi lina kuti apulumutse dziko. Narasimha alibe mnzake m'mafupa okumbidwa pansi, ndiponso mndandandawo suli wofanana paliponse, poti ena amaika Balarama m'malo mwa Buddha. Kuwerenga zithunzizi ngati chisinthiko kudayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, Darwin atamveka kale.

Pamene ine ndimaona kuti abwana anu ali ndi mfundo yolimba ndi pa nkhani ya nthawi. Malemba achihindu amati usana umodzi wa mulungu wolenga Brahma, umene umatchedwa kalpa, ndi zaka 4.32 biliyoni, pamene asayansi amati dziko lapansi lakhalapo zaka pafupifupi 4.54 biliyoni. Kuyandikana kwa manambalawa n'kongochitika, chifukwa chimene chikuyezedwa n'chosiyana, komabe munthu woleredwa m'chikhulupiriro chotere sadzidzimuka akamva za zaka mamiliyoni, ndipo poti amaphunzitsidwa kuti mzimu umabadwanso m'matupi a nyama ndi a anthu, kumuuza kuti anyani ndi abale athu sikumupweteka mtima. M'nyimbo ya chilengedwe ya m'malemba akale achihindu a Rig Veda (10.129), wolemba amafunsa kuti ndani akudziwadi kumene zonse zidachokera, n'kumaliza ndi kukayika ngati ngakhale woyang'anira kumwambayo akudziwa.

Ahinduwo sagwirizana onse. Swami Vivekananda, mphunzitsi wachihindu amene adamwalira mu 1902, adavomereza chisinthiko koma adati chimene chimatuluka chidali kale m'kati, monga mtengo ulili m'mbewu, pamene Prabhupada, woyambitsa gulu la Hare Krishna, adamukana Darwin kotheratu.

Kwa mwana wanuyo, pa mayeso wochonga adzafuna umboni wa mafupa ndi mmene zamoyo zimatengera kwa makolo, osati kalendala. Umboni wina ndi wa kwathu konkuno: chigaza cha munthu wakale chimene anthu a m'mgodi adachipeza ku Kabwe mu 1921, cha zaka pafupifupi 300,000, chimene mpaka lero chikusungidwa ku Natural History Museum ku London ngakhale Zambia yakhala ikupempha kuti chibwerere.