Kabati ya pa chithunzi ikungosinthasintha

FUNSO: A Mkonzi, ine ndine kalipentala wa pa Chinkhoma m'boma la Kasungu. Mwana wanga anandiikira pulogalamu ya AI (yopanga yokha zithunzi kuchokera ku mawu amene walemba) mu foni kuti ndizionetsa makasitomala chithunzi cha katundu ndisanadule thabwa. Mayi ena anafuna kabati ya mlombwa ya madirowa anayi ndi zitseko ziwiri zagalasi. Chithunzi choyamba anachikonda, koma atapempha kuti tisinthe zogwirira zokha, panatuluka kabati ina ya madirowa asanu ndi miyendo yopindika. Bandulo inatha ndikubwerezabwereza. Kodi pali njira yoti pulogalamuyi izindimvera?

YANKHO: Bambo, vutoli likuchokera m'kajambulidwe ka mapulogalamu amenewa. Ambiri mwa iwo, monga Stable Diffusion yomwe inatuluka mu 2022, amayamba ndi timadontho tosokonekera ngati tija timadzaza pa TV siginolo ikathawa, kenako amatikonza pang'onopang'ono mpaka patatuluka chithunzi chogwirizana ndi mawu anu. Timadontho toyambirato timachokera ku nambala yotchedwa seed, ndipo nambalayi ikasintha, kabati nayo imasintha ngakhale mawu akhale omwewo. Pamene inu munkayesa kuti mukukonza kabati imene mayi aja anaikonda, pulogalamuyo inali kukhoma ina kuyambira pachiyambi. Ngati yanuyo ili ndi polembapo seed, monga zilili pa Stable Diffusion ndi pulogalamu ina yotchedwa Midjourney, lembani nambalayo mu kope lanu, koma dziwani kuti mukasintha mawu, zina zimasunthabe.

Chida chimene ine ndimachidalira koposa muli nacho kale kukhutu kwanu, ndicho pensulo. Jambulani kabatiyo ndi rula pa pepala loyera monga ionekera mukaima kutsogolo kwake, mizere ikhale yakuda bwino, madirowa anayi aja aoneke padera lililonse, kenako itoleni ndi foni panja powala, popanda mthunzi wa dzanja lanu kugwera papepalapo. Itumizeni ku pulogalamuyo ndi lamulo loti isunge mizere yonse, ingoonjezera mtundu wa thabwa, vanishi ndi galasi. Makinawa ndi ofooka pa kuwerengera, moti mawu oti "anayi" amawalumpha mosavuta, pamene mzere umene auona amautsata bwinoko. Pa chifukwa chomwechi, Lvmin Zhang ndi anzake a ku Stanford University anatulutsa ControlNet mu 2023, chida chokakamiza Stable Diffusion kutsata mizere ya chithunzi chimene mwaipatsa. Chimenechi chimafuna kompyuta yamphamvu kapena intaneti yokhazikika, choncho mwina sichingakhale choyambira chanu. Mapulogalamu ena a AI, monga ChatGPT ndi Gemini, nawonso amalandira chithunzi pa foni, ngakhale kuti nthawi zina amapotozako mzere.

Za mlombwa, musayembekezere kuti pulogalamu yophunzitsidwa kwambiri ndi zithunzi zakunja ilidziwa dzinali. Tengani kachidutswa kotsala pa benchi, kapaleni, kapakeni vanishi yomwe mudzagwiritse ntchito, ndipo kakauma katoleni ndi kutumiza pamodzi ndi pepala lija. Mukapanda kutero, mayi aja adzayembekezera mtundu wa thabwa umene kuno kulibe.

Pa nkhani ya zogwirira, funani batani la inpainting, lomwe mapulogalamu ena amalionetsa ngati kaburashi. Mumapaka ndi chala pa zogwirira pokha, n'kulemba zimene mukufuna pamenepo, ndipo mbali zina zonse zimayenera kutsala momwe zinalili. Sinthani chinthu chimodzi pa ulendo umodzi, ndipo sungani chithunzi chilichonse chabwino musanachikhudzenso. Bandulo yanu idzakhalitsako.

Chithunzichi sichidziwa masentimita, sichidziwa kukhuthala kwa thabwa, ndipo chingathe kuika mahinjesi pamalo oti chitseko sichingatseguke. Kasitomala auzidwe poyera kuti akuona chithunzi cha kompyuta osati kabati imene munakhomapo kale. Miyezo ya msinkhu, mulifupi ndi kuya muilembe ndi dzanja lanu pa pepala lija mutayeza ndi tepi pamalo pamene kabatiyo idzakhale, ndipo mayiwo asayine pamenepo asanapereke ndalama yoyambira.