Funsani Tikuyankheni: Lumo langa layamba dzimbiri, ndikulakwitsa pati?

FUNSO: Zikomo akulu. Ine ndimakhala pa Lizulu kuno ku Ntcheu, amalume pobwera ku Joni anandipatsa lumo lopinda lija, lolembedwa Solingen. Poyamba limameta bho koma pano likukoka ndevu komanso latuluka timadontho tofiira. Pometa ndimaliviika mbeseni nkuligogoda mmbali kuti thovu lichoke, ndikamaliza ndimaliwamba pa kandulo kuti majeremusi afe. Ndithandizeni.

YANKHO: Achimwene, amalume anakupatsani katundu weniweni, Solingen ndi tauni ya ku Germany yomwe inatchuka kalekale pa nkhani yosula malumo ndi mipeni, ndye chonde lisathere mmanja mwanu. Kugogodako ndi kanduloyo musiye lero lomwe.

Mbali yakuthwa ya lumo ndi yopyapyala kuposa tsitsi lomwe mukumetalo, ndye mukangoligunditsa pa beseni, kaya lachitsulo kaya lapulasitiki, imapindika kapena kubenthuka tizibenthu tosaoneka ndi maso, ndipo tizibenthu timeneto ndi tomwe tikukukokani ndevu nkukusiyirani ziphuphu. Moto nawo umafewetsa chitsulo, pamene pasintha mtundu nkuoneka bluu paja ndye kuti papsa, olo munole bwanji pazingobuntha msanga.

Pometa muzitere: ikani kathaulo kakale kapena tishu yopinda pantchafu kapena patebulo, mukameta kawiri katatu goneketsani lumo pamenepo nkulikoka kumsana kuli patsogolo, thovu ndi tindevu zimatsala pansalupo. Osapukuta motsata kuthwako ayi, mudula nsalu pamodzi ndi chala. Ine kuviika mbeseni sindimakukonda nkomwe, chifukwa madzi amakalowa paja pali kamsomali kopindira, ndipo pamenepo sipauma msanga, dzimbiri limayambira pompo inu osadziwa. Ngati mukufuna kutsukuluza, thirani madzi ndi kapu pachitsulo pokha, lumo litaloza pansi, chogwirira chikhale chouma.

Malumo ambiri amtunduwu ndi a chitsulo chomwe chimathwa kwambiri koma sichigwirizana ndi madzi, kungolisiya lonyowa kanthawi kochepa layamba kale kufiira. Nanga kwanuko mu June ndi July ndi nkhungu ija ya mmawa, olo malaya pachingwe amachedwa kuuma, ndye lumo mwalipinda lili lonyowa nkulisiya kubafa mukuti litani? Mukamaliza lipukuteni liume gwa, pititsani katishu mkati mwa chogwiriramo, lisiyeni chitsegulire kwa mphindi zingapo pamalo oti ana safika, kenako kadontho kamodzi ka mafuta a makina osokera, mupemphe kwa atelala pamsika pomwepo. Mafuta ophikira ayi, amamata. Popinda muzipinda mwaulemu, kuthwako kusakhule mmbali.

Kuzizirako kulinso ndi vuto lina. Ndevu zouma ndi zolimba ndipo zimabunthitsa lumo, ndye tenthetsani madzi, ikani thaulo lofunda kumaso mphindi 2 kapena 3, pakani sopo achite thovu lokwanira. Lumo lizipendekeka pang'ono chabe, cha mma digiri 30, osaliimika ngati mukupala mamba a chambo.

Timadontho tomwe tatuluka kale, ngati tili kumsana kapena pakati pukutani ndi kansalu ka mafuta titha, koma ngati tafika pakuthwa penipeni likufunika kunoledwa pa mwala wosalala kwambiri, osati uja wonolera zikwanje, ndipo musalipereke kwa anyamata a galayindala, alimaliza mphindi imodzi. Likanoledwa pezani lamba wachikopa wosalala wopanda zitsulo, mumukoke athine, muzipititsa lumo ka 20 kapena 30 musanamete, apanso kumsana patsogolo, ndipo potembenuza muzitembenuzira kumsana komweko.

FUNSO: Amuna anga ali ndi babashopu pa Dedza boma, akufuna agule lumo lotereli azichongera makasitomala. Sipiliti ndi wokwanira? Mayi wa ku Bembeke.

YANKHO: Mayi, auzeni bambowo asatero. Lumo losasintha lezala ndi la munthu mmodzi basi, olo pachibale osabwerekana. Anthu amaopa HIV yokha, koma kachilombo ka matenda a chiwindi a hepatitis B kamatha kukhala ndi moyo mmagazi ouma masiku 7 kapena kuposa, ndipo kabala kometa pena sikaoneka nkomwe. Kungopukuta ndi kathonje ka sipiliti mothamanga kasitomala wina ali pampando kale sikungakupatseni chitsimikizo, Jik nayenso amadya chitsulo.

Agule lija loikamo theka la lezala, kasitomala aliyense lezala lake latsopano, alitsegule iye akuona. Chogwiriracho azichitsuka ndi sopo kaye chifukwa sipiliti sagwira bwino pamwamba pa litsiro, kenako nkuchinyika mu sipiliti nkuchisiya chiume chokha. Malezala otha aziponya mchitini chotsekeka chobowola kakamwa pamwamba, osati kudzala komwe ana amatolako zoseweretsa.