Zimbalangondo zoyera ndi mapengwini pa ulendo umodzi? Yankho langa kwa mayi a ku Area 47

Mayi ena a ku Area 47 anditumizira imelo. Akuti apuma pa ntchito chaka chamawa, ndipo akufuna kukwera sitima yapamadzi kuti akaone zimbalangondo zoyera ndi mapengwini kumalo oundana aja. Funso lawo: ayambire pati?

Mayi, yambani ndi kusankha, chifukwa nyama ziwirizi sizikhalira limodzi. Zimbalangondo zoyera zili kumpoto kwenikweni, ku Arctic, monga pa zilumba za Svalbard za dziko la Norway. Mapengwini ali kummwera, ku Antarctica. Ndi maulendo awiri, pa nyengo zosiyananso: ku Svalbard amapita cha mu Juni mpaka Ogasiti, dzuwa likuswera osalowa, pomwe ku Antarctica ndi Novembala mpaka Malichi, ife kuno tili m'dzinja.

Ine ndikanati pitani kummwera. Chimbalangondo nchamwayi, mutha kungochiona ngati kadontho patali. Koma mapengwini simungawaphonye. Fungo la zitosi zawo limakulandirani musanatsike n'komwe m'bwato, ndipo chipale chofewa chimaoneka chofiirira chifukwa cha tinkhanu totchedwa krill timene amadya.

Sitima zambiri zimanyamukira ku Ushuaia, kumapeto kwa Argentina. Kuchokera pa bwalo la ndege la Kamuzu mudzera ku Addis Ababa kapena Johannesburg, kenako Buenos Aires, n'kukafika ku Ushuaia. Mukatero pali Drake Passage, masiku awiri pa nyanja yolusa ya pakati pa South America ndi Antarctica. Ngati mwera unakusanzitsanipo pa Ilala, kaonaneni ndi adokotala akupatseni mankhwala a chizungulire musananyamuke.

Tsono mvetsani apa, poti mpamene ambiri amatayira ndalama. Malamulo a IAATO, bungwe la makampani otengera alendo ku Antarctica, amati anthu osaposa 100 ndiwo angatsike pamtunda nthawi imodzi, ndipo sitima yonyamula anthu oposa 500 siitsitsa munthu ngakhale mmodzi. Ndiye sitima yaikulu yotchipa ija mudzangoonera pa zenera. Funani yaing'ono, yokhala ndi mabwato a mphira otchedwa Zodiac. Amakutsitsani m'magulu, mumatsuka majombo m'mankhwala popita ndi pobwera kuti musafalitse matenda, ndipo pengwini mumamutalikira mamita 5.

Mtengo ndi madola masauzande angapo, ndege ndi inshulansi yokuthamangitsirani kuchipatala zili padera. Ndi mmene ndalama zakunja zikuvutira muno, kacheze nawoni msanga a ku banki, ndipo za viza ya Argentina musadikire mwezi womaliza. Jekete yokhuthala ndi majombo makampani ambiri amapereka okha. Za mkati zofunda mukazipeza pa kaunjika.

Thumba likakana, ku Boulders Beach, kufupi ndi Cape Town, kuli mapengwini a kuno ku Africa, ndipo kumeneko ndi ndege ziwiri basi kuchoka mu Lilongwe.