Manja onse awiri sapsa chotero ndi phala

Mayi, mwalemba m'gulu muno kuti mwana wa neba wanu wapsa manja ndipo mayi womupeza akuti wapsa ndi phala. Mwanayo apite kuchipatala lero lomwe, mukangoika foni pansi. Zodana ndi neba tikamba pambuyo. Masiku anayi ndi ambiri kwa mwana wa zaka 3 amene wapsa manja onse awiri, ndipo Colgate akumupakayo akungotsekera mafinya mkati.

Nkhani ya phalayo ayi, sikumveka. Mwana akadzikhuthulira phala kapena tiyi amapsa kutsogolo, pachibwano, paphewa, pachifuwa, kawirikawiri mbali imodzi, chifukwa amakoka poto iye ali m'munsi. Chilonda chake chimakhala chokhotakhota m'mphepete, chachikulu kumtunda n'kumachepa potsika, ndi timadontho apa ndi apo pomwe phala linawazikira. Akagwira chotentha amachotsa dzanja nthawi yomweyo, ndiye kumapsa kunsonga kwa zala kapena chikhatho chimodzi. Palibe mwana amene amabwereza ndi dzanja linalo. Inu mwati manja onse apsa mofanana, kumaso ndi kumbuyo, mpaka kulekeza pamzere woongoka pamene timavala wotchi. Amenewo ndi manja omizidwa. Wina anagwira timikono tija n'kutiviika m'madzi otentha, n'kugwirabe mwana akukuwa. Khungu limasupuka ngati wavula magolovesi, ndipo madontho palibe poti sanapatsidwe mpata wophiriphitha. Mukayang'anitsitsa, m'mizere ya chikhatho mwina simunapse kwambiri chifukwa anafumbata zala ndi ululu, ndipo pamwamba pa mzere uja pamatha kuoneka zizindikiro za zala za munthu wamkulu. Madzi a madigiri 60, osawira n'komwe, amapsereza khungu la mwana mozama m'masekondi osakwana 5, poti khungu lake n'lopyapyala kuposa lathu. Nanga madzi a nsima ochokera pamoto?

Zifukwa zake tikuzidziwa tonse m'gulu muno, tisanamizane. Waba ndiwo mumphika. Watola K200 patebulo. Wakodza pamphasa. Ena amakulunga timanja m'jumbo n'kuyatsa, pulasitiki n'kusungunukira pakhungu. Ena amatenthetsa mpeni kapena supuni pambaula, n'chifukwa chake chilonda chotenga maonekedwe a chinthu chimakayikitsa nthawi zonse. Kenako amati ndikulera.

Tsiku lachinayi ndi nthawi imene chilonda chimayamba kuwola. Kutentha thupi, fungo, mafinya obiriwira, kukana kudya, kugona kwambiri, kukodza pang'ono, zonsezi zikutanthauza kuti tizilombo tikulowa m'magazi. Chimene chimapusitsa anthu ambiri ndi ichi: pamene payera kapena pada, polimba, pomwe mwana sakumva ululu mukakhudza, ndi pamene papsa mozama zedi, mitsempha yomvera inafa. Kunyumba amati "wasiya kulira, akuchira". Sakuchira. Kupsa kozungulira mkono wonse kumatupitsa mpaka magazi osafikanso kuzala, zala n'kuda, n'kufika podulidwa. Zikapulumuka koma atazimanga pamodzi m'chitenje, zimamatana popola, chipsera n'kumakoka pang'onopang'ono mpaka dzanja kupindika osatambasukanso. Mwana ameneyo pofika Sitandade 1 adzalephera kugwira pensulo. Kuchipatala amamanga chala chilichonse pachokha, amaika chothandizira kuti dzanja likhale lotambasuka, amateteza ku kafumbata, ndipo chilonda chosapola pamasabata awiri kapena atatu chimafuna kuikidwa khungu lotengedwa pantchafu. Zolimba amatumiza ku chipatala cha Queens ku Blantyre komwe kuli wodi ya opsa.

Ponyamuka musakande Colgate uja, achipatala akachotsa okha. Phimbani manja ndi nsalu yoyera yosita, momasuka, ndipo akhale okwezeka pamwamba pa chifuwa. Matuza musaboole. Panado wamadzi wa 120 mg pa 5 ml, mwana wa makilogalamu 12 mpaka 14 mumpatse 7.5 ml, osati asipirini. Amwe madzi kapena Thanzi. Tengani buku lake la kuchipatala ngati mayi womupezayo alipereka, akakana pitani choncho. Lunjikani ku chipatala cha Zomba Central, chifukwa kupsa kwa m'manja, kumaso, kumapazi kapena kumaliseche n'kwa chipatala chachikulu ngakhale kuoneke kochepa. Kalata ya kupolisi isakuchedwetseni, itsatira. Kwa ena nonse, mwana akangopsa kumene ndi madzi ozizira oyenderera kwa mphindi 20, ndipo amathandiza ngati maola atatu sanadutse. Ayezi ayi, dzira ayi, mafuta ophikira ayi. Chikhatho cha mwanayo pamodzi ndi zala ndi 1 peresenti ya thupi lake, zikakwana zikhatho 10 afunika dripi.

Mukafika auzeni adokotala zimene mwaona ndi zimene mayiyo ananena, mawu ake enieni, ndipo mupemphe amuvule mwana yense. Dzanja limene laviika mwana m'madzi kawirikawiri silinayambe lero. Mwana wothamanga amasupuka m'maondo, m'miyendo ndi pachipumi, zimenezo n'zamasewera. Koma mikwingwirima kumsana, pamimba, m'makutu, m'khosi, m'matako, kapena mizere yopindika ya waya ndi lamba, si kugwa kumeneko. Nthiti zothyoka sizioneka kunja, ndipo nthawi zina X-ray yoyamba siionetsa kanthu mpaka abwereze pakatha masabata awiri fupa likamalumikizana. Kumenyedwa theche pamimba kumatha kung'amba chiwindi kapena matumbo khungu lili bwinobwino. Mwatchulanso kuti m'nyumbamo muli khanda. Limenelonso aliwone. Khanda losayamba kukwawa siliyenera kukhala ndi mkwingwirima ngakhale umodzi, ndipo fupa la ntchafu silithyoka chifukwa chogubuduka pamphasa. Likagwedezedwa mwaukali polira, timitsempha ta m'mutu timaduka, limasanza, limafooka, liwombo limatukuka, limakomoka, anthu n'kumati malungo.

Amene akundikwiyitsa kwambiri si mayi womupezayo yekha. Bambo wa mwanayo ali kuti masiku anayi onsewa? Amabwera madzulo, amadya nsima, amamva fungo la chilonda, n'kukagona. Kusapita naye kuchipatala pakokha ndi nkhanza. Ndiye pali inu amene mwayankha pamwambapa kuti "za m'banja la eni sitilowerera", ena akuti aitane ankhoswe. Ankhoswe amalumikiza zala? Nkhani zotere zikakambidwa pabwalo pamalipidwa nkhuku, mayi apepesa, mwana n'kubwerera m'nyumba yomweyo atadziwika kuti ndi amene anachititsa anthu manyazi. Kachiwiri amamenyedwa pobisika. Ndi kulekerera komweku timataya ana m'miyezi ya Juni ndi Julaye kuno kukazizira: kamwana kosiyidwa ndi mkulu wake wa zaka 6 pafupi ndi mbaula, mwana wa khunyu wosamwetsedwa mankhwala kugwera pamoto, palafini wosungidwa m'botolo la zakumwa, ndowa yamadzi yosavindikira pakhonde. Tikakumana pamaliro timati ngozi.

Imbani 116. Ndi yaulere, ya Tithandizane, ndipo a bungwe la YONECO amene amaiyendetsa likulu lawo lili konkuno ku Zomba. Pali a Victim Support Unit, othandiza ozunzidwa kupolisi, ndi ofesi ya zachisamaliro cha anthu kwa DC. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limapatsa achibale, achipatala ndi anthu a m'dera udindo wokanena akaona mwana akuzunzidwa, ndipo limalola kumuchotsa pamalo oopsa. Simufunika umboni, ofufuza ndi iwowo. Ingolembani papepala tsiku limene munamva kulira, nthawi yake, ndi nkhani iliyonse imene akuluwo akusintha.

Koma musapite pakhomopo mokalipa, mayi. Ndalusa pano, komabe inu mukalowe mwaulemu, "amake mwana, tiyeni ndikuperekezeni, ya kabaza ndilipira ine". Mukamuloza chala atseka chitseko, mawa mudzamva kuti mwana wapita kumudzi ku Jali kapena ku Mayaka, basi mwamutaya. Mwanayonso musamupanikize ndi mafunso, akayamba yekha kulankhula mvetserani n'kulemba mawu ake momwe wanenera. Chithunzi chake musaike muno kapena pa Facebook ngakhale anthu akupempha. Ndipo musaweruze msanga kuti ndi mayiyo, chifukwa nthawi zina wochita ndi bambo, mkazi n'kumanama poopa kuti naye amenyedwa. Matenda enanso amanamiza, monga zilonda za pakhungu zotulutsa matuza kapena kusupuka kwa mwana wotupikana ndi njala, ngakhale mzere woongoka m'manja onse awiri ine sindiukhulupirira kuti ndi matenda. Asanamutulutse m'chipatala funsani a zachisamaliro cha anthu kuti akagona kuti, ndipo ngati mukudziwa kumene kuli agogo ake kapena abale a mayi ake omubereka, perekani dzina la mudziwo.