Kodi magetsi angadutse m'lawi la moto?

Mnyamata wina wa kusekondale wafunsa kuti: "Ndinatenga batire, babu la tochi ndi mawaya awiri, nsonga zake ndinaziika m'lawi la kandulo koma babu silinayake, anzanga akuti ndiye kuti moto sudutsitsa magetsi, zoona?" Mayi ake nawonso awonjezera lawo, akuti mwanayu watha makandulo m'nyumba, akuopa tsiku lina adzalowetsa waya m'soketi, ndiye kodi zimenezi zili ndi tsogolo kapena ndi chibwana chabe.

Ndiyambe ndi iwe mphwanga. Lawi limadutsitsa magetsi ndithu, kungoti pang'ono zedi. Gasi akamapsa m'lawimo mumabadwa ma ion a positive (ma atomu kapena timagulu ta ma atomu tomwe tataya electron) ndi ma electron (tinthu tating'onoting'ono ta chaji ya negative) ongoyendayenda, ndipo paliponse pomwe pali tinthu ta chaji totha kuyenda, karenti imapeza njira. Chimene chimandisangalatsa ine n'chakuti si kutentha kokha ayi, kandulo pamalo ake otenthetsetsa imafika cha m'ma 1400°C koma kutentha kumeneko sikukwanira kuchotsa ma electron ambiri pa ma atomu, ma ion ambiri amachokera m'kuyaka kwenikweniko, CH (kachidutswa ka carbon ndi hydrogen) ikakumana ndi atomu ya oxygen zimapanga ion yotchedwa CHO+ ndi electron imodzi. Vuto n'lakuti ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi gasi yense, ndiye karenti yake imakhala ya ma microampere (muyeso wa karenti yochepetsetsa) kapena kuchepera apo, pomwe babu lakolo limafuna yoposa pamenepo masauzande ambirimbiri. N'chifukwa chake silinayake, iwe sunalakwitse chilichonse, babu lomwe umayezeralo ndi limene linali losamva.

Yesa izi m'malo mwake. Khukhuza rula ya pulasitiki m'tsitsi louma, uiyandikize pa tizidutswa ta pepala, tidumphira n'kumamatira chifukwa rulayo yatenga chaji. Khukhuzanso, koma ulendo uno uidutsitse mwachangu pamwamba pa lawi, patali ndithu kuti isasungunuke, kenako ubwerere ku timapepala tija. Sitinyamukanso, ma ion ochokera m'lawi adya chaji yonse. Kusukulu aphunzitsi a physics akakhala ndi electroscope, chipangizo choonetsa chaji, apemphe akuwonetse zomwezi, timasamba take tachitsulo timatambasuka ikakhala ndi chaji koma timagwa lawi likangoyandikira. Ukawaza kamchere m'lawi limasanduka lachikasu ndipo limadutsitsa magetsi bwinoko, chifukwa sodium wa mu mcherewo sachedwa kutaya electron yake.

Tsopano inu mayi. Si chibwana, pali anthu akudya ndi nkhani yomweyi. M'ma boiler ndi ma heater ambiri a gasi mumakhala kandodo kachitsulo kolowa m'lawi, makina amatumizamo voteji n'kumamvetsera ngati kakarenti ka ma microampere kaja kakudutsa, lawi likangozima karenti imasiya ndipo valavu ya gasi imatsekeka isanadzaze nyumba. Tekinishani wosadziwa izi amangosintha zipangizo zabwinobwino pomwe vuto linali kandodo koda kofunika kupukuta basi. M'ma labu a chemistry muli chipangizo chotchedwa flame ionization detector, chinatulukira chakumapeto kwa ma 1950 ku Australia ndi ku South Africa, chimayatsa kalawi ka hydrogen ndipo mankhwala okhala ndi carbon akalowamo karenti imakwera, potero amadziwa kuchuluka kwake, chimagwira ntchito poyeza mafuta a galimoto ngakhalenso mowa m'magazi. Ndiye pali ma injiniya a mawaya akuluakulu a magetsi. Mpweya wouma umapirira pafupifupi ma volt 30,000 pa sentimita imodzi usanalole magetsi kudumpha, koma moto ndi utsi zikakhala pansi pa mawayawo kupirira kumeneko kumatsika kwambiri, magetsi amadumphira pansi, n'chifukwa chake kuwotcha minda ya nzimbe pansi pa mawaya kwakhala kukuzimitsa magetsi ku Brazil ndi ku South Africa. Ozimitsa moto nawonso amaphunzitsidwa kuima patali zikatere.

Mantha anu a soketi aja ndi oona ndipo musawachepetse. Pa batire ya tochi palibe choopsa kupatula kupsa chala, koma magetsi a m'khoma amapha, ndipo amene angamuphe si lawi, ndi waya womwe waugwira m'manja. Mumuuze momveka kuti batire ndi rula inde, soketi ayi, ndipo kandulo aziyatsa inu muli pompo.

Iwe mphwanga ngati izi zikukukoka, gwira physics, chemistry ndi masamu, makamaka masamuwo chifukwa ambiri okonda zoyesayesa amagwera pamenepo. Ukamaliza uyang'ane makosi a electrical engineering, instrumentation (za zipangizo zoyezera) kapena laboratory technology, ndipo usaderere sukulu za ntchito zamanja, tekinishani wa instrumentation amagwira ma sensa amenewa tsiku ndi tsiku kuposa injiniya wa mu ofesi. Uyambenso kabuku, uzilemba chimene wayesa, chimene umayembekezera ndi chimene chachitika, babu losayaka lija likhale tsamba loyamba.