Musathamangire kusayina, Achimwene

Achimwene, ndawerenga funso lanu. Mwati inu ndi anzanu munasonkha ndalama m'kampani yaing'ono yokumba miyala, ndiye kwabwera kampani yaikulu ikufuna kuigula yonse. Akuluakulu anu akuti landirani zomwe ogula akupereka, pamene ena akukana, ati ndalamazo n'zochepa komanso phindu lomwe munalonjezedwa silinaoneke. Mukufunsa ngati musayine. Ine ndikuti dikirani kaye.

Musanakangane za kuchuluka kwa ndalama, tulutsani pepala lomwe anakupatsani tsiku lopereka ndalama zija. Ndi satifiketi ya masheya, kapena karisiti kolembedwa pamanja kongoti "talandira"? Ngati dzina lanu mulibe m'kaundula wa eni masheya, ogulawo sakukudziwani n'komwe, ndipo kukhoti mutha kuonedwa ngati munthu amene anangobwereketsa kampani ndalama. Pemphani kaundulayo muone ndi maso anu, mukafananitsenso ndi zomwe zinalembetsedwa ku ofesi ya boma yolembetsa makampani.

Funsaninso kuti chikugulidwa kwenikweni n'chiyani. Zimachitika kuti chiphaso chokumbira chili m'dzina la bwana mmodzi, osati la kampani. Zikatero iye amagulitsa chiphasocho n'kudya yekha, inu n'kutsala ndi kampani yokhala ndi mawilibala atatu, mafosholo ndi ngongole ya dizilo. Chiphaso sichisintha mwini popanda boma kuvomereza, choncho ngati pali chinyengo, kalata yanu yodandaula ipite ku ofesi ya boma yopereka ziphaso za migodi kusinthako kusanachitike.

Pa za mtengo, taonani zomwe zinachitika ku Kayelekera, ku Karonga. Kampani yotchedwa Paladin inatsegula mgodi wa uranium kumeneko mu 2009, n'kuuimitsa mu 2014 mitengo itagwa kutsatira ngozi ya mu 2011 pamalo opangira magetsi ndi uranium ku Fukushima, ku Japan. Mu 2020 inagulitsa gawo lake, kampani ina yotchedwa Lotus Resources n'kutenga mgodiwo, boma n'kukhalabe ndi magawo 15 pa 100 aliwonse. Panthawiyo uranium anali wotsika kwambiri, koma pofika kumayambiriro kwa 2024 anadutsa madola 100 pa paundi. Chosangalatsa n'chakuti Paladin sinangolandira kashi n'kuchokapo. Mbali yaikulu ya malipiro ake inali masheya a Lotus, kuphatikizapo kagawo pa ndalama za mtsogolo zogulitsira uranium. A Paladin amadziwa kuti wogula mgodi amabwera nthawi imene mwini wake wathedwa mphamvu.

Ndiye nanunso musangofunsa kuti "zingati?" Funsani ngati angakupatseni mbali ina kashi, mbali ina masheya kapena gawo pa zomwe azikumba. Koma chenjerani ndi mawu oti "zotsalazo tidzakupatsani ntchito ikayamba." Popanda tsiku lolembedwa ndi chilango cha wochedwa kulipira, imeneyo ndi ngongole yomwe adzukulu anu adzakhale akulondola.

Mwayi wanu ndi woti muli ku Zomba, kumene kuli likulu la Geological Survey Department, nthambi ya boma yofufuza za miyala. Pitani mukafunse zomwe zimadziwika za miyala ya kudera mukukumbako. Ngati ogulawo anabowola kale pansi n'kutenga zitsanzo, auzeni akuonetseni zotsatira zake. Akazemba, pali chimene akudziwa.

Nkhaniyi musaimenye nokha. Onse okana mugwirizane, musonkhe, mupeze loya mmodzi awerenge malamulo a kampani yanu, makamaka pomwe akunena za kuchuluka kwa mavoti ofunika pogulitsa. Ngati thumba silikulola, yambirani ku Legal Aid Bureau. Milandu yotereyi imakathera ku Commercial Division ya High Court, nthambi yoona milandu ya zamalonda, ndipo kumeneko amafuna mapepala, osati zokambirana zapakamwa, choncho pa msonkhano uliwonse limbikirani kuti pakhale wolemba ndipo mutengeko kope. Zotchula anthu mayina pa Facebook kuti ndi mbava zisiyeni, mungadzapezeke mukuyankha mlandu woipitsa mbiri ya munthu, mlandu wanu usanayambe n'komwe.