Thermostat isiyeni, achimwene, vuto lili pena

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati munapita ku Majete kukajambula njovu, pobwerera Vitz yanu inayatsa kanyali kofiira mukukwera chitunda cha ku Thabwa, mutaima munamva madzi akubwata m'kabotolo kosungira madzi a rediyeta kaja, ndipo makaniko wanu wanena kuti thermostat ndi ya kumayiko ozizira, kuno kwathu ingochotsedwa basi. Mukufunsa ngati mumulole. Musamulole. Ine sindinapite kusukulu ya umakaniko, ndimangokonda kukwawa kunsi kwa galimoto Loweruka m'mawa anzanga akuchapa, koma nkhani imeneyi inandidyerapo ndalama, ndiye mundilole nditalikitse pang'ono.

Tiyambe ndi phirilo. Pa mlatho wa Kamuzu ku Chikwawa mumakhala muli pansi kwenikweni, mamita ngati 100 okha pamwamba pa mlingo wa nyanja yamchere, pomwe Blantyre ili pamwamba kupitirira mamita 1,000. Kukwera konseko kumachitika pa kamtunda kochepa, msewu wokhotakhota, muli mu giya yaing'ono, mwinanso kutsogolo kwanu kuli thiraki ya shuga wa ku Nchalo ikuyenda ngati nkhono ndipo malo opitirira palibe. Injini ikugwira ntchito yakalavulagaga koma mphepo yolowa kutsogolo ndi yochepa, ndipo mphepo yomweyo mwezi wa Okutobala kuchigwa kuja imatha kufika madigiri 40. Mukaonjeza AC, mwaiunjikira mtolo wina. Komabe galimoto yabwinobwino imakwera pamenepo osadandaula, ma minibasi amakwerapo tsiku lililonse atadzaza. Yanu yalephera chifukwa penapake pafooka, phirilo langoulula.

Thermostat ndi kachitseko chabe. M'kati mwake muli phula lomwe limafufuma likatenthedwa n'kukankha kachitsekoko. Injini ikakhala yozizira, kamatseka njira yopita ku rediyeta kuti madzi azingozungulira m'kati mpaka atenthe msanga. Akafika pa mlingo wake, kamatseguka. Mukakatulutsa mudzaona nambala yodindidwa pamenepo, pa ma Toyota ang'onoang'ono ambiri pamalembedwa 82, kutanthauza kuti kamayamba kutseguka cha m'madigiri 82, ndipo pofika cha m'ma 95 kamakhala katatsegukiratu. Ndiye taganizani: nthawi imene munali pa Thabwa madzi akubwata, thermostat yabwino inali itayasama kale mpaka pomalizira. Mukaichotsa mwachotsa chitseko chimene chinali chotsegula kale. Mwapindula chiyani?

Palinso china chimene ambiri sachidziwa. Pa injini zambiri za Toyota, thermostat ili ndi kambale kachiwiri kunsi kwake. Ikamatsegula njira ya ku rediyeta, kambale kaja kamatseka kanjira kachidule komwe madzi amadzera injini ikakhala yozizira. Mukaizula yonse, kanjira kachidule kaja kamakhala pululu nthawi zonse, ndiye madzi ena otentha amangobwerera m'injini osakafika ku rediyeta n'komwe. Ndi chifukwa chake mumamva munthu akudabwa kuti ndinachotsa thermostat koma ikutenthabe pa phiri.

Zoti ku Japan n'kozizira zija, inde kumagwa chipale, koma ku Tokyo nyengo yotentha kumafika madigiri 35 n'kupitirira. Ku Dubai ndi ku Australia ma Toyota amayenda ndi thermostat yawo m'malo mwake, ndipo kumeneko dzuwa lake silisiyana ndi la ku Nsanje.

Makaniko wanu sindikumunyoza ayi. Chimene amaonera n'choti thermostat ikakalamba imatha kuuma ili chotseka, galimoto n'kumatentha ngakhale pa msewu wosalala. Akaichotsa, kutentha kumatha, mwini galimoto amasangalala, nkhani imafalikira kuti mankhwala ake ndi amenewo. Zikakugwerani kutchire usiku, kuichotsa kuti mukafike kunyumba palibe cholakwika. Koma mukafika mugule ina. Ndipo kuiyesa n'kosavuta: imangeni ndi kawaya, muilendeweretse mu poto wa madzi osakhudza pansi, muike pa mbaula. Madzi asanafike pobwata muyenera kuona kachitseko kakusuntha, akamabwata kakhale katayasama bwino. Mukaivuula izitsekanso yokha ikamazizira. Poto wake musatenge wa ndiwo, ine mayi akunyumba anandikumbutsa za poto wawo mwezi wathunthu.

Zanga zinayenda chonchi. Ndinali ndi Corolla ya injini ya 1NZ, inayamba kutentha ndikukwera Khwekhwerere kuchokera ku Golomoti. Makaniko wina, dzina ndisunga, anaichotsa thermostat n'kundipatsa m'manja ngati dzino lozulidwa. Sabata zoyamba ndinkamutamanda. Kenako ndinaona kuti mafuta akutha msanga kuposa kale pa ulendo womwewo wa kuntchito. M'mawa wa mu Juni muvi wa kutentha sunkadzuka n'komwe mpaka ndikafike. Chimachitika n'choti kompyuta ya galimoto imamva kudzera pa sensa kuti injini idakali yozizira, ndiye imapitiriza kuthira petulo wambiri ngati mmene imachitira mukangoliza kumene. Mapulagi amada, oyilo amachedwa kutentha ndipo chinyontho chimene chimayenera kuuluka chimatsalira m'menemo. Inu a Vitz mulibe muvi, muli ndi tinyali tiwiri, kozizira ndi kofiira. Mukadzachotsa mudzaona kanyali kozizira kaja kakuchedwa kuzima m'mawa, mwinanso kuyakanso mukamatsetsereka ku Dedza nthawi yachisanu.

Chopweteka n'choti nditabwereranso ku Khwekhwerere inatenthanso, pamalo omwe aja. Titatsegula rediyeta tinapeza timachubu tambiri tatsekeka ndi zoyerayera zolimba ngati za m'ketulo yakale, zosakanikirana ndi dzimbiri. Mwini wake woyamba kuno ankangothira madzi apampopi, ine ndinapitiriza, tsiku lina ndinathiramo a pamjigo. Vuto linali pamenepo kuyambira pachiyambi.

Ndiye funso langa kwa inu: pamene munaima paja, munathiramo madzi ochokera kuti? Madzi a m'mijigo yambiri ya kuchigwa cha Shire ali ndi mchere, mukawalawa mumamva. Ngati ndi amenewo, akhetseni onse sabata ino, musadikire. Mutsukemo bwino ndi kuthira coolant weniweni. Wa Toyota amakhala wofiira kapena wa pinki, wa pinkiyo amabwera wosakaniza kale. Anthu amati coolant ndi woletsa madzi kuundana basi, ife sitimufuna. Amaletsanso dzimbiri, ndipo m'injini za aluminiyamu ngati zathuzi ntchito imeneyo ndiye yaikulu. Wakaleyo musamusiye m'beseni pabwalo, amatsekemera ndipo ndi poizoni kwa agalu ndi ana.

Musanapereke ndalama ya chinthu chachikulu, yambani ndi kapu ya rediyeta, chotsekera cha pakamwa pake chija. Kanthu kotsika mtengo koma kamavutitsa anthu kwambiri. Ntchito yake ndi kusunga mphamvu ya mpweya m'kati kuti madzi asabwate msanga. Madzi amabwata pa madigiri 100 m'mbali mwa nyanja yamchere, koma ku Blantyre kapena ku Lilongwe amabwata cha m'ma 96 kapena 97 chifukwa cha kukwera kwa malo. Kapu yabwino imakankhira mlingo umenewo mpaka cha m'ma 120. Ikafooka sipulingi kapena labala wake akang'ambika, madzi amabwata injini isanatenthe mopitirira, n'kuthawira m'kabotolo kaja, ndendende zimene mwafotokozazi. Pamwamba pa kapu pamalembedwa 0.9 kapena 1.1, mugule ya nambala yofanana ndi imene inabwera ndi galimotoyo. Kapuyo muitsegule injini itazizira, m'mawa musanalize. Ikadali yotentha musayerekeze, ndinaonapo mkono wa munthu utasupuka khungu kuyambira pa chikhatho mpaka pa chigongono.

Kenako fani. Lizani galimoto ili chiimire, yatsani AC, fani iyenera kuzungulira. Zimitsani AC muidikire itenthe, fani iyenera kudzuka yokha kenako n'kuima. Ikapanda kutero onani fyuzi ndi relay, kaswichi kamagetsi koyatsa faniyo, musanaimbe mlandu mota yake. Fani yofooka imanamiza, imazungulira ndithu koma mwaulesi. Pa liwiro la makilomita 80 pa ola simungadziwe chifukwa mphepo ikulowa yokha, koma kumbuyo kwa thiraki pa chitunda ndi pamene imakugwetsani. Popeza mwachokera ku Majete, suzumiraninso pakati pa rediyeta ndi kondensa ya AC, karediyeta kena kamene kali kutsogolo kwake. Pamadzadza udzu, njere, agulugufe ndi fumbi, zimapanga ngati bulangete, kunja osaoneka. Tsukani ndi madzi a paipi mofatsa kuchokera mbali ya injini, mashini a ku car wash aja amapinda timapepala ta rediyeta.

Chimene ndikuopa ndi gasiketi ya hedi, chomatira cha pakati pa mutu wa injini ndi thupi lake, chifukwa simunanene kuti munayenda mtunda wotani kanyali kofiira katayaka. Hedi ya aluminiyamu siichedwa kupindika. M'mawa tsegulani kapu, dzadzani madzi, lizani injini muziyang'ana pakamwa pa rediyeta. Tithovu tochepa poyamba si kanthu, ndi mpweya wotsalira. Koma tikamangotuluka osaleka, makamaka mukaponda mafuta, nkhani yakula. Onaninso kunsi kwa kapu ya oyilo ngati kuli zonga tiyi wamkaka, utsi woyera wosatha ku ekizozi injini itatentha kale, ndi madzi kumachepa popanda podontha. Mukaona zimenezi musayendenso nayo ulendo wautali.

Tsopano poti ndinu wojambula, gwiritsani ntchito luso lanulo. Musanamasule bauti ngakhale imodzi, jambulani. Jambulani mmene mapaipi akudutsira, mmene mawaya alumikizidwira, mbali imene zomangira mapaipi zayang'ana. Mukamatulutsa thermostat yakale ijambuleni idakali m'malo mwake, chifukwa ili ndi kabowo kokhala ndi kachitsulo kogwedera kamene kamayenera kukhala pamwamba kuti mpweya uzituluka. Mukakaika pansi mpweya umatsekeredwa ndipo mudzatukwana thermostat yatsopano yosalakwa. Kamera yanu yaikulu ya njovu ija siyofunika apa, lenzi yaitali siingaone chinthu chili pafupi. Foni ndiye yabwino, imalowa pamene mutu sungalowe. Fulashi yake izimitseni, imangowalitsa zitsulo n'kubisa zimene mukufuna. Tengani tochi muunike cham'mbali, mudzaona tinjira touma toyera kapena tofiirira pamene coolant amadontha n'kuuma, makamaka kunsi kwa pampu ya madzi ndi pamene pulasitiki ya rediyeta yalumana ndi chitsulo. Ine podontha pa pampu yanga ndinapaona pa chithunzi, nditachikuza ndili pa mpando, pomwe maso anali atapadutsa katatu.

Khalidwe loyala zinthu mwadongosolo ndinalitengera kwa agogo anga aamuna. Anali ndi chifefe chakale cha laisensi chimene ankaopsezera anyani kumunda. Akamachitsuka ankayamba athyola n'kusuzumira kuti muli mbee, kenako ankayala chiguduli choyera pa mphasa, chilichonse chimene achotsa ankachiika motsatana kuchokera kumanzere kupita kumanja, pobwezera ankayambira kumanja. Ife ana tinkaonerera tili patali, kukhudza kunali koletsedwa. Mpaka lero ndikamamasula chinthu pa injini ndimayala katoni n'kuchita chimodzimodzi, mabauti ndimawabaya pa katoniyo mmene akhalira pa galimoto. Chiyambireni sindinatsalepo ndi bauti yosadziwika kwawo.

Pogula thermostat tengani yakaleyo m'thumba pamodzi ndi nambala ya chasisi, chifukwa Vitz ili ndi injini zingapo, 1KR, 1SZ, 2SZ, 2NZ, 1NZ, ndipo simunatiuze yanu. Muyerekeze kutalika kwake ndi kambale kakunsi kaja, mugulenso labala wake watsopano. Zotchipa kwambiri zosadziwika kochokera muzisamala nazo, ine imodzi inakana kutseguka mu poto ili yatsopano m'bokosi. Nchifukwa chake ngakhale yatsopano ndimayamba ndaiphika. Mukathira coolant, ikani hita pa kutentha kwambiri, muisiye ilire mpaka fani idzuke kuti mpweya utuluke, mawa lake muonjezere pamene patsika.

Zikadzakuchitikiraninso pa phiri, zimitsani AC, tsegulani mawindo, yatsani hita mpaka pomalizira. Mudzatuluka thukuta ngati muli mu uvuni wa njerwa, koma hita ndi karediyeta kakang'ono, kamathandiza kuchotsa kutentha mpaka mutapeza poima pabwino. Ndipo madzi ozizira musawakhuthulire m'injini yotentha, idikireni ipume kaye.

Kamera ija musamaisiye pa mpando galimoto itatsekedwa padzuwa la kuchigwa, mabatire ake sagwirizana ndi kutentha koteroko, ikulungeni muiike pansi kuseri kwa mpando. Ponyani muno chithunzi cha kapu ya rediyeta mbali zonse ziwiri, china cha pakamwa pa rediyeta injini itazizira, ndi china cha kunsi kwa kapu ya oyilo, tione limodzi. Za njovu zija muponyenso, ine ku Majete ndinangobwerako ndi zithunzi za mbawala ndi matako a njati ikulowa m'tchire.